Khomo Lolowera ndi Khomo Loturukira

Nkhani yathu ya lero ndi ya mbiri yakale, koma m'kati mwace muli funso limene likhoza kufika pakhomo pa munthu ali yense. Tiyerekeze kuti mnyamata wina wa pa nchito ku Limbe, kapena ku Kitwe, kapena ku Bulawayo, wayamba kulankhula yekha, usiku sagona, ndipo tsiku lina waswa mazenera a sitolo. Anthu amgwira nammanga. Kodi ndani ali ndi mphamvu yakunena kuti munthu uyu atsekeredwe? Ndipo atatsekeredwa, ndani adzanena kuti tsopano aturuke?

Funso loyambalo Maboma a maiko athu atatu analiyankha msanga, nalilemba m'malamulo mosamala. Funso laciwirilo linakhala zaka zambiri lopanda yankho lomveka. Mbala imene woweruza waipatsa miyezi 6 imadziwa tsiku lace loturuka, ndipo imawerenga masiku pa khoma. Wodwala misala sanalakwire munthu pakudwala, koma iye analibe tsiku loti aliwerengere.

Azungu asanafike, ndiponso kwa nthawi yaitali atafika, wodwala wotere anali m'manja mwa abale ace. Mwini mbumba ndiye anali kuona cocita. Anali kupita kukaombeza kuti adziwe ngati ndi mizimu yakwiya, ngati ndi anthu amcita cipongwe, kapena ngati mwini wace analakwitsa cizimba ca mankhwala amene anafuna kulemera nao. Wofatsa anali kumleka ayende-yende m'mudzi, nadya pa khomo liri lonse. Wolusa anali kumuika m'goli kapena kummangirira mwendo ku cipika. Tisanamizane kuti masiku amenewo kunalibe nkhanza: cipika cinali kudya mwendo, ndipo ana anali kugenda amisala monga acitira lero lomwe. Koma cinthu cimodzi ticisunge m'mutu. Womanga ndi womasula anali munthu mmodzi, ndipo anali kumuona wodwalayo m'mawa uli wonse pomtengera phala. Akaona kuti maso ace abwerera m'malo, anali kumasula cingwe tsiku lomwelo, osayembekeza kalata ya munthu wina.

Malamulo a Boma pa nkhani iyi muzu wace uli ku England, ndipo tiyenera kudziwa cimene Angerezi anali kuopa powalemba. M'zaka za m'ma 1800 kumeneko kunamveka milandu ya anthu a nzeru zao amene abale anawatsekera m'nyumba za amisala pofuna kulanda cuma cao. Cifukwa cace lamulo la m'caka ca 1890, lochedwa Lunacy Act, linachinga kolimba khomo lolowera. Munthu wa cuma sanali kutsekeredwa popanda makalata a madotolo awiri ndi cilolezo ca woweruza. Wosauka anali kulowa ndi kalata ya dotolo mmodzi ndi dzanja la woweruza. Linali lamulo loteteza wosadwala kuti asalowe. Za wodwala amene walowa kale linanena kuti akuru ena azimuyendera ndi kuona mabuku, koma kuturuka kwace linakusiya makamaka m'manja mwa iwo amene anali kumsunga.

Maiko a pansi pa Britain anatengera makalata amenewa ndi macitidwe ace, koma analibe madotolo ndi nyumba zimene lamulolo linali kuganizira. Ku Southern Rhodesia, nyumba ya Ingutsheni inatsegulidwa ku Bulawayo m'caka ca 1908. Isanamangidwe, Azungu odwala anali kutumizidwa ku South Africa, ndipo anthu akuda anali kusungidwa m'ndende. Ku Nyasaland, nyumba ya amisala inayamba m'caka ca 1910 ngati mbali ina ya ndende yaikuru ya Zomba. Oyang'anira ace anali asilikali a ndende, ndipo dotolo anali mlendo wobwera kudzaona zironda ndi malungo. Ku Northern Rhodesia kunalibe nyumba yaikuru konse. Odwala anali kukhala m'ndende ndi m'tizipinda ta pambali pa zipatala, ndipo amene anaoneka kuti sacira msanga anali kukwezedwa sitima ya pamtunda kunka ku Ingutsheni.

Taganizani za ulendo umenewo. Munthu wa ku Fort Jameson kapena wa ku Kasama, mutu uli wosokonezeka kale, aoloka Zambezi pakati pa apolisi, nafika m'dziko limene anthu alankhula Sindebele. Dotolo amfunsa m'Cingerezi, womasulira atembenuza mwa cinenero cimene wodwalayo acimva mwa theka, ndipo yankho lace lilembedwa m'buku monga umboni wakuti nzeru zace sizinabwerere. Pa cizolowezi ca nyumba zotere, munthu anali kuturuka mosabvuta ngati pali mbale wobwera kudzamtenga ndi kulonjeza kuti adzamsunga. Nanga mbale wa ku Kasama akanadziwa bwanji kumene mwana wace ali, ndipo ndalama ya sitima akanaitenga kuti? Ku Ingutsheni kunalinso amuna ambiri a ku Nyasaland ndi a ku Mozambique amene anapita ku Rhodesia kukafuna nchito m'migodi ndi m'mafamu. Kwao anthu anali kungoti, uja anachona. Ena mwa machona amene makolo anamwalira akuwadandaula sanali kudyerera m'tauni ai. Anali kuseri kwa mpanda, akulima munda wa cipatala. Pakuti m'nyumbamo munali tsankho monga kunja komwe: Azungu anali ndi zipinda zao ndi cakudya cao, ndipo nchito ya kumunda ndi yocapa inali ya odwala akuda.

Kodi ndani anali kulowa m'nyumba zimenezi? Sanali onse odwala, kapena odwala kwambiri. Anali iwo amene anaonekera pamaso pa Boma: wosokoneza pa nchito, wopfuula pa boma, mkazi wopezeka yekha pa siteshoni ya sitima wosadziwa kunena kwao, ndi makamaka wopalamula mlandu. Munthu akapha kapena kutentha nyumba ali wozungulira mutu, bwalo silinali kumpacika, ndipo pamenepo lamulo linacita cifundo. Koma ciweruzo cace cinali cakuti asungidwe kufikira Bwanamkubwa atafuna. Mau amenewa amveka aulemu, koma tanthauzo lace ndi loopsa. Analibe malire. Munthu amene akanakhala m'ndende zaka ziwiri cifukwa ca kutentha nkhokwe, akanatha kukhala zaka 20 cifukwa anaitentha ali wodwala, ngati sipanapezeke wina womkumbukira ndi kulemba kalata yace.

M'caka ca 1936 madotolo awiri a Boma la Nyasaland, H. M. Shelley ndi W. H. Watson, anasindikiza ku England zimene anapeza atapima odwala a ku Zomba. Anaona kuti ambiri a iwo anapitako ku sukulu kapena anagwirako nchito kwa Azungu, ndipo kuti m'kubwebweta kwao ena anali kudzicha mafumu a Cizungu, eni galimoto ndi eni ndalama zambiri. Madotolowo anaganiza kuti maphunziro ndi moyo wa Cizungu ndizo zinali kulemera mutu wa munthu wakuda. Maganizo amenewa anafala, ndipo anakondweretsa onse amene sanafune kuti mwana wa m'mudzi apitirire Standard 3. Kwa ine cilakwo cao ndi coonekeratu. Msodzi woponya khoka pa doko limodzi sanganene kuti nyanja yonse iri ndi nsomba za mtundu umene wagwira. Kalaliki ndi kapitao anali kudwalira pamaso pa Mzungu, natengedwa kunka ku Zomba. Mlimi wa kuseri kwa phiri anali kudwalira pa cipika ca amalume ace, osalembedwa m'buku liri lonse. Ndipo munthu wobwebweta amatola zimene maso ace aona: m'dziko limene mphamvu zonse zinali ndi Azungu, wofuna kudzikweza akanadzicha ciani?

M'menemo ku England zinthu zinali zitasintha. Lamulo la m'caka ca 1930, lochedwa Mental Treatment Act, linalola kuti munthu adzipereke yekha ku cipatala ca misala popanda woweruza, ndi kuti aturuke atapereka cidziwitso ca maola 72. Linasinthanso maina, kuti nyumbazo zizichedwa zipatala. Maiko athu anatsata m'mbuyo: Southern Rhodesia inalemba lamulo latsopano mu 1936, Nyasaland mu 1948, Northern Rhodesia mu 1949. La ku Nyasaland linatenga dzina lomwelo la ku England, nalola wodwala wodzipereka yekha, nanenanso za m'mene bwalo lingasungire cuma ca munthu amene sangathe kuciyendetsa. Pa pepala cinali cinthu cabwino. Koma munthu wa ku Karonga kapena wa ku Port Herald sakanayenda masiku ambiri kukagogoda yekha pa khomo limene dziko lonse linali kulidziwa kuti ndi la ndende. La ku Northern Rhodesia linagawa odwala m'magulu, nawacha ndi mau a Cingerezi akuti idiot ndi imbecile, ndiko kunena citsiru ndi cidzete. Mau amenewa muwasunge, pakuti tidzakomana naonso.

Zaka za m'ma 1950 ndizo zinabweretsa kusintha kooneka ndi maso. Ku Zomba odwala anacotsedwa m'manja mwa a ndende naperekedwa kwa a zacipatala, ndipo cipatala catsopano ca misala cinatsegulidwa mu 1953. M'nthawi ya Federation, imene inayamba caka comweco nitha mu 1963, nchito za cipatala m'maiko onse atatu zinali pansi pa Boma la ku Salisbury, ndipo m'nthawi imeneyo cipatala ca Chainama Hills cinatsegulidwa ku Lusaka mu 1962. Ulendo wa sitima wonka ku Bulawayo unayamba kutha pamenepo.

Cacikuru koposa cinacokera ku Paris. Mu 1952 madotolo awiri, Jean Delay ndi Pierre Deniker, anaonetsa kuti mankhwala ochedwa chlorpromazine, amene ambiri awadziwa ndi dzina lakuti Largactil, amatontholetsa mau amene wodwala amamva m'mutu ndi kuziziritsa ukali wace. Anthu amene anakhala zaka ali omangidwa anayamba kugona, kudya ndi kuceza. Ambiri anabwerera kwao. Koma mankhwalawa ali ndi mtengo wace pa thupi: aumitsa khosi, anjenjemeretsa manja, alemeretsa lilime, ndipo munthu ayenda ngati wasenza mtolo wosaoneka. Tsono panabuka funso limene malamulo akale sanalilote. Kale mlandu unali wa kutsekera thupi la munthu. Tsopano unali wa kulowetsa cinthu m'thupi mwace iye akukana. Ndani abvomereze jekeseni, mwini thupi, mbale, kapena dotolo?

Pa nthawi yomweyo dotolo wina wa ku Nigeria, Thomas Adeoye Lambo, anayesa njira yina ku Aro, pafupi ndi Abeokuta. Kuyambira mu 1954 odwala ace anali kugona m'midzi yoyandikana ndi cipatala, ali yense pamodzi ndi mbale wace wocokera kwao, nabwera usana kudzalandira mankhwala. Anagwirizananso ndi asing'anga a m'dzikomo. Motero anabwezera m'nchito ya cipatala cinthu cija cinatayika pamene wodwala anacoka pa mudzi: munthu womdziwa, womuona tsiku ndi tsiku, wokhoza kunena kuti uyu tsopano ali bwino.

Ku England yankho la funso lathu laciwiri linalembedwa mu 1959. Lamulo la caka cimeneco linacotsa woweruza pa khomo lolowera, nanena kuti ambiri azilowa monga alowera wodwala cifuwa, popanda makalata a bwalo. Koma kwa wosungidwa mokakamiza linakhazika bwalo laling'ono la anthu atatu, wodziwa malamulo, dotolo wa kunja kwa cipatalaco, ndi munthu wamba. Wodwala mwini wace anapatsidwa mphamvu yakupempha bwalo limeneli kuti limve mlandu wace, ndipo bwalolo linali ndi mphamvu yakumturutsa ngakhale dotolo wace akane. Apa ndipo wodwala anayamba kukhala mwini mau, osati katundu wongolembedwa m'buku.

Kuno kwathu zimenezi zinacedwa. Malawi ndi Zambia analandira ufulu mu 1964, nasintha mbendera, ndalama ndi maina a matauni, koma malamulo a odwala misala anatsala monga anawasiyira Atsamunda. Pamene panalembedwa Bwanamkubwa anangolembapo Pulezidenti. Sindikuti atsogoleri anali ouma mtima; anali ndi malungo, cikuku, njala, ndipo pambuyo pace Edzi, ndi madotolo a misala owerengeka pa zala. Komanso tinene zoona: odwala misala sacita misonkhano ya ndale, ndipo abale ao amacita manyazi kuwalankhulira poyera. Lamulo lopanda wolidandaula limakalamba pa shelefu. La ku Malawi la 1948 linagwira nchito zaka zoposa 70, kufikira Nyumba ya Malamulo inabvomereza bilu yolilowa m'malo mu 2025.

Zimbabwe inatsogola pa pepala. Lamulo lace la 1996 linakhazika bwalo lopenda milandu ya odwala osungidwa mokakamiza, lofanana ndi lija la ku England. Koma bwalo limafuna ndalama kuti likhale pansi. M'zaka za m'ma 2010 kunamveka madandaulo akuti odwala opalamula milandu, osungidwa m'zigawo za ndende ku Chikurubi ndi ku Mlondolozi, anali kukhala zaka akuyembekeza kuti mapepala ao apendedwe, ena atacira kale. Patapita zaka 100 cimangire Ingutsheni, cipatala ndi ndende zinali zikadagawana khoma limodzi.

Mphepo yatsopano inacokera ku mabwalo. Mu 2003 bungwe la Afrika loona za ufulu wa anthu, limene likhala ku Banjul, linaweruza mlandu wa Purohit ndi Moore potsutsana ndi Boma la Gambia. Dzikolo linali kusungabe odwala ndi lamulo la Atsamunda la 1917. Bungwelo linati kusunga munthu popanda njira yakuti adandaule kapena kuti mlandu wace upendedwenso ndi kuswa pangano la Afrika la ufulu wa anthu, ndi kuti maina onyoza a m'lamulolo amcotsera munthu ulemu wace. Mu 2006 bungwe la United Nations linabvomereza pangano la ufulu wa anthu olumala, limene liwerengera ndi odwala maganizo omwe. Malawi inalowa m'panganoli mu 2009, Zambia mu 2010, Zimbabwe mu 2013. Mfundo yace 12 ndiyo yobvuta koposa: iti munthu wolumala ali ndi mphamvu pamaso pa lamulo monga wina ali yense, ndipo ngati abvutika kusankha, athandizidwe kusankha, osati wina amsankhire.

Mu 2017, ku Lusaka, anthu atatu amene anadziwa okha za moyo wa wodwala maganizo anasumira Boma la Zambia ku Bwalo Lalikuru. Anapempha kuti lamulo la 1949 lithetsedwe lonse. Anadandaula za kutsekeredwa popanda kufunsidwa, za kupatsidwa mankhwala mokakamiza, za zipinda zodzipatula ndi kusowa kwa zofunda ndi cakudya cokwanira. Woweruza sanawapatse zonse. Anakana kugwetsa lamulo lonse, nanena kuti kulikonzanso ndi nchito ya Boma ndi Nyumba ya Malamulo. Koma cigawo 5, cija ca maina a citsiru ndi cidzete, anati citsutsana ndi malamulo akuru a dziko, nacifafaniza. Ananenanso kuti odwala ayenera kusamalidwa mwa umunthu m'zipatala zonse. Ndikaganiza za mbiri imene tayendamo, cimene cindigwira mtima si ciweruzoco kweni-kweni ai, koma kakhalidwe ka m'bwalomo. Kuyambira 1908 wodwala anali kuimirira pamaso pa woweruza kuti ena anene za iye. Tsiku limenelo iye ndiye anali wodandaula, ndipo woyankha mlandu anali loya wamkuru wa Boma.

Patapita zaka ziwiri, mu 2019, Zambia inakhazika lamulo latsopano, nifafaniza la 1949. Linachula maufulu a wodwala mmodzi-mmodzi: kudziwitsidwa za matenda ace, kusungiridwa cinsinsi, kusazunzidwa, ndi kudandaula. Koma mkangano sunathe. Cigawo 4 ca lamulolo ciyamba ndi kunena kuti wodwala ali ndi mphamvu pamaso pa lamulo, kenaka cilola kuti, matenda akakula, aonedwe ngati wosatha kudzisankhira, ndipo bwalo limuikire womthandiza. Omenyera ufulu wa olumala anati uku ndi kupereka ndi dzanja lamanja ndi kulanda ndi lamanzere. Madotolo ndi makolo ambiri anayankha ndi funso lao: mnyamata uja waswa mazenera, wakana kudya masiku asanu, ndipo ati mai wace ndi mfiti yofuna kumupha, kodi timleke kufikira atabvomera yekha?

Ine sindingamuuze mai ameneyo kuti ayembekeze. Pali usiku wina umene munthu ayenera kugwidwa, ndipo wonena kuti usiku wotere kulibe sanagonepo m'nyumba imodzi ndi wodwala. Koma amene anakhalapo kuseri kwa citseko adziwanso cinthu cimene ife a kunja sitidziwa, ndico kufulumira kwace kwa usiku umodzi kusanduka caka, pamene dotolo ali mmodzi, odwala ali mazana, ndipo mbale ali kutali. Cifukwa cace iwo sakhulupirira mau akuti "kwa kanthawi" ngati palibe tsiku lolembedwa ndi munthu wa kunja wobwera kudzafunsa. Lamulo la 2019 lisanathe zaka zambiri, ena a iwo anabwereranso ku bwalo la milandu ku Lusaka kukatsutsa cigawo 4.